Mapepala Opanda Chidindo a Tionenji

Kuseri kwa loji ina ku Senga Bay, kumene alendo safikako, kuli kanyumba kochapiramo zovala. Muli makina ochapira atatu, tebulo lalitali lositirapo, ndi fungo la sopo limene silichoka ngakhale mutatsegula mazenera onse. Umo ndi momwe Tionenji wakhala akugwira ntchito kwa zaka zisanu ndi zinayi: kuchapa nsalu za pabedi, matawulo ndi nsalu za patebulo, kuyanika, kusita, kupinda, mawa lakenso zomwezo.

Kwawo ndi ku Lifuwu. Anakulira m'matope a musikimu ya mpunga, kuwokera mbande ndi kuingitsa mbalame, koma kusukulu mutu wake unkagwira zinthu msanga. Aphunzitsi a masamu akajomba, iye ndiye ankaimirira pabolodi. Mayeso a Fomu 4 anakhoza bwino ndithu, kungoti mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite atatuluka, lake panalibe. Anadikira chaka, n'kudikiranso china. Kenako anakwatiwa, anabereka mwana wamkazi dzina lake Chisoni, ndipo banja linatha mwanayo asanayambe n'kuyenda komwe. Mayi wina wa kutchalitchi kwawo ndiye anamupezera malo ochapa kulojiko.

Tionenji si munthu wolongolola. Koma mukamupatsa yankho lopanda mutu, amangokuyang'anani osaphethira mpaka inu nomwe muyambe kukanda m'mutu.

Atagwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri, eni loji anaika sola, atatopa ndi kuzimazima kwa magetsi. Mapanelo anadzaza denga la khitchini. Mabatire ndi inveta, bokosi limene limasandutsa mphamvu ya m'mabatire kukhala magetsi a m'nyumba, anaziika m'kachipinda kogundana ndi kochapira. Zinthuzo zikavuta, makina ochapira ndiwo ankayamba kuima, madzi a sopo ali odzaza, ndipo Tionenji ankafinya nsalu pamanja mpaka mapewa kuwawa. Okonza ankachokera ku Lilongwe. Ankafika mawa lake, kutsegula bokosi, kugwiragwira, n'kumapita.

Tsiku lina anafunsa mmodzi wa iwo.

"Achimwene, chimavuta n'chiyani kwenikweni? Bwanji zimazima tikangoyatsa makina achitatu?"

"Izi n'zovuta, mayi," anayankha uja, osatembenuka n'komwe. "Inu samalani za matawulo."

Masiku amenewo n'kuti mlongo wake wamng'ono, Martin, atalembetsa kumene pa koleji ya ntchito zamanja ya m'dera, cha kufupi ndi pa boma. Anasankha zamagetsi, ndipo ankabwera kumudzi atavala ovolosi yabuluu ngakhale tsiku lopanda kalasi. Tionenji anamufunsa za kalembetsedwe kake. Lachiwiri lotsatira, tsiku lake lopuma, anatenga satifiketi yake ya Fomu 4 n'kupita kukolejiko.

Anamulowetsa mu ofesi ya a Benson, mkulu wa gawo la zamagetsi, bambo wa imvi zapatalipatali, wolankhula mofatsa. Anayang'ana satifiketi ija nthawi yaitali, n'kugwedeza mutu poona masamu.

"Muli ndi zaka zingati, mayi?"

"Makumi atatu ndi ziwiri."

"Malo a zamagetsi adzaza. Ndipo timayamba taganizira achinyamata ongochoka kumene kusukulu. Koma kutelala malo alipo, kulinso kalasi ya Loweruka. Inu mumagwira kale nsalu, simungavutike."

"Nsalu ndazigwira zaka zisanu ndi ziwiri, aphunzitsi. Ndikanafuna nsalu sindikanawotchedwa ndi dzuwa kubwera kuno."

A Benson anatambasula manja kusonyeza kuti palibe chimene angachite. Tionenji anabwezera satifiketi m'chikwama, anatsazika mwaulemu, n'kutuluka.

Wayifayi ya alendo inkafika mpaka pa zingwe zoyanikira. Mawa lake nthawi yopuma masana, anzake atakhala pamthunzi, iye anaima pakati pa nsalu zoyanika n'kulemba pa foni, m'Chingerezi chake cha ku sekondale, funso lomwe lija anakana kumuyankha wokonza wa ku Lilongwe. Tsamba lina linamutumiza ku lina, mpaka anafika pa maphunziro a zamagetsi a yunivesite ina ya kunja, otsegulira aliyense. Anafufuza pamene afunsa zaka, sanapapeze. Anafufuza pamene alemba kuti malo adzaza, panalibe. Ankangofuna dzina ndi imelo basi.

Sizinayambe bwino. Mphunzitsi wa m'vidiyomo ankalankhula Chingerezi chothamanga, chotulukira m'mphuno, ndipo sabata yoyamba Tionenji ankangotolamo mawu apo ndi apo. Mafunso khumi a kumapeto kwa sabatayo anakhoza atatu. Kenako anatulukira kabatani kochepetsera liwiro, bamboyo n'kuyamba kulankhula ngati wamwa, koma zomveka. Ankaonera vidiyo imodzi katatu, akulemba m'makope a Chisoni otsala masamba. Dzuwa la ku Salima silikulola kuona bwino pagalasi la foni masana, ndiye ankadzifunditsa tawulo kumutu. Anzake atamuona chotero anamutcha Injiniya wa Matawulo. Dzinalo linafika mpaka kukhitchini, ndipo iye ankayankha akamuitana nalo.

Nthawi yokolola, iye ndi Martin anakumana kwa amayi awo ku Lifuwu. Ali mkati mopuntha mpunga pa lona, Martin anayamba nkhani.

"Achemwali, ndamva zoti mukuphunzira magetsi pa foni. Musamadzitayire nthawi. Ife timagwira waya weniweni, ndipo tikamaliza pepala lathu lidzakhala ndi chidindo chodziwika paliponse. Lanulo adzalidziwa ndani?"

"Tandiuza kaye iwe wa chidindo," anatero Tionenji, osasiya kupuntha. "Inveta yathu imapirira makina ochapira awiri. Mphamvu yolembedwa pabokosi ndi yokwanira atatu. Nanga bwanji imazima tikangoyatsa achitatu?"

"Zimenezo n'za chaka chachiwiri."

"Mota ikamadzuka imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa pamene ikuyenda. N'kanthawi kochepa, koma inveta imaona ngati yalemedwa, n'kudzizimitsa. Sabata yachisanu ndi chimodzi imeneyo."

Martin anati, "Kufotokoza mwafotokoza. Koma munayamba mwasendapo waya?"

Tionenji anali asanasendepo. Anangowonjezera mphamvu pa ndodo.

Pa miyezi khumi ndi inayi anamaliza maphunziro asanu: chiyambi cha zamagetsi, masamu ake, sola, mabatire, ndi chitetezo pa ntchito. Masatifiketi ankabwera pa imelo. Anakawapulintitsa pa kashopu ka pafupi ndi depoti ya minibasi, pa pepala lolimba, n'kuwaika mu envelopu yakhaki. Kuchoka pamenepo analunjika kwa a Benson.

Ulendo uno sanapemphe malo a chaka choyamba. Anayala mapepala asanuwo patebulo n'kunena kuti wawerenga mndandanda wa zimene amaphunzitsa chaka choyamba, zonse wadutsamo, ndiye akupempha kuti amuwerengere, ayambire chaka chachiwiri.

A Benson ananyamula pepala limodzi, analitembenuza kumbuyo, n'kulibwezera.

"Mayi, ndikukulemekezani chifukwa cha khama. Koma pepala ili ndingalipange inenso pa kompyuta masana ano. Palibe chidindo chimene ife timachidziwa. Ndidziwa bwanji kuti analemba mayesowo ndinu, osati wina?"

"Simungadziwe. Ndiye ndiyeseni."

"Sitiyesa munthu amene sali m'kaundula wathu."

"Ndilembeni m'kaundulamo, mundiyese."

"Sizimayenda choncho."

Panja pa ofesiyo panali benchi. Tionenji anakhalapo mpaka nthawi yoweruka, envelopu ili pamiyendo. Lachiwiri lotsatira anabweranso, n'kukhala pomwepo. A Benson akamadutsa, Tionenji ankaimirira n'kuwapatsa moni, "Mwadzuka bwanji, aphunzitsi," kenako n'kukhalanso pansi, osawonjezera liwu. Ophunzira anayamba kufunsana kuti mayiyu walakwiridwa chiyani. Martin ankazungulira kuseri kwa makalasi kuti asakumane naye. Lachiwiri lachinayi, a Benson anaima patsogolo pake, mafaelo ali m'khwapa.

"Mayeso a chaka choyamba ali m'sabata ziwiri zikubwerazi. Ndalankhula ndi akuluakulu. Mulemba limodzi ndi anawa, olemba ndi amanja omwe. Mukalephera, nkhaniyi ithere pomwepo."

Mayeso olemba anawamaliza nthawi isanakwane, n'kukhala akuwerenganso mayankho ake kawiri. Anapeza 87, ndipo m'kalasi monse palibe anafikapo.

Amanja anali mawa lake. Aliyense anapatsidwa bolodi lathabwa, mapaipi apulasitiki, mawaya, maswitchi awiri, soketi ndi babu. Ntchito inali yolumikiza kuti babu liziyaka ndi kuzima kuchokera pa switchi iliyonse, m'maola awiri. Chithunzi chake Tionenji anali nacho m'mutu, akanatha kuchijambula atatsinzina. Koma pulayasi inamukana. Akati asende waya, ankadula ndi timawaya ta mkati tomwe. Paipi yoyamba inathyoka poipinda, yachiwiri inaphwatalala. Timasikulu tinkagwera pansi, iye n'kumatifufuza chogwada pakati pa mabuti a anyamata amene anali atamaliza kale. Nthawi itatha, a Benson anabwera n'kudina switchi. Babu silinayake. Kumbuyo wina anaseka motsitsa.

Mu ofesi, a Benson sanamunyoze.

"Mutu muli nawo, zimenezo sindikana. Koma manja mulibe, ndipo magetsi amapha. Chaka chamawa ndikusungirani malo. Muyambe chaka choyamba ngati wina aliyense, Lolemba mpaka Lachisanu."

"Ndikhale chaka chathunthu ndikumvetsera zimene ndalemba dzana n'kuposa kalasi yonse? Chimene ndalephera ndi manja, aphunzitsi. Ndikukawapeza manjawo, ndibweranso."

"Tinagwirizana kuti nkhani ithera pano."

"Munanena ndinu. Ine sindinayankhe."

Pobwerera anadzera mumsika, anagula pulayasi ndi waya wokwana mikono iwiri. Mu minibasi ya ku Senga Bay anakhala kumbuyo kwenikweni, akusenda wayayo pang'onopang'ono, misozi ikugwera pachitenje koma manja osaima. Pofika pa siteji yake, pamiyendo pake panali mulu wa tizidutswa tofiira.

Mayi wina wogulitsa nsomba kukhitchini ya loji, Kulusumu, ndiye anamuuza za Che Abdulkarim a ku Chipoka. Anali bambo wachikulire wokhala ndi kashopu pafupi ndi siteshoni ya sitima, wokonza nyali ndi mabatire a asodzi a usipa, komanso woika sola m'magolosale ndi m'nyumba za anthu. Pepala analibe ngakhale limodzi. Ntchito anaiphunzira pogwira. Kuti akafike kumeneko Tionenji ankakwera minibasi ziwiri, ya pa boma kenako ya ku Chipoka.

Anawapeza atakhala pampando wachitsulo, akuwotcherera waya wa nyali. Atamva chimene wadzera, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ntchito yathuyi ndi yokwera padenga, mwanangu. Wamkazi padenga, anthu anena."

"Anene, Che Abdulkarim. Ine ndidzakhala pamwamba, sindidzamva."

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anakankha ndi phazi ndowa yodzaza mawaya akale.

"Senda onsewa. Ukadula kawaya kamodzi ka mkati, uyambirenso. Inshallah tiona."

Malachiwiri atatu anathera pa ndowa imeneyo. Lachiwiri lachinayi anamupatsa paipi kuti apinde, atamuonetsa mmene amaifunditsira kaye m'manja ndi pabondo. Patapita miyezi iwiri anakwera denga lake loyamba, la golosale ya m'mbali mwa msewu, atavala thalauza mkati mwa chitenje. Anthu anasonkhanadi pansi. Bambo wina anafunsa mokweza ngati ku Chipoka amuna atha. Tionenji anamupempha kuti, poti waima pomwepo, agwireko makwerero.

Nayenso anali ndi chake chobweretsa. Makasitomala ena a Che Abdulkarim ankadandaula kuti mabatire sakudzaza ngakhale dzuwa liswe mtengo. Mkuluyo ankati mabatire a masiku ano ndi achinyengo. Tionenji anayeza mtunda wochokera padenga kufika pa batire m'nyumba ina, anawerengera m'kope lake, n'kuwauza kuti vuto ndi waya: ndi wowonda kwambiri pa mtunda wotero, mphamvu ikuthera m'njira.

"Waya ameneyu ndamugwiritsa ntchito iwe usanabadwe."

"Pa nyali za m'bwato, inde. Pamenepo mtunda ndi waufupi. Tiyeni tisinthe nyumba imodzi yokha. Zikakanika ndisenda ndowa ina."

Mkuluyo anasintha monyinyirika. Sabata yotsatira mwini nyumbayo anabwera yekha kushopu kudzanena kuti filiji yake yagwira ntchito mpaka m'mawa.

"Alhamdulillah," anatero Che Abdulkarim. "Ndiye foni yakoyo si yongochezera." Kuyambira pamenepo ankati akapeza ntchito yatsopano, ankayamba adikira Lachiwiri kuti Tionenji awerengere kaye.

Tsiku lina Tionenji akumanga batire, sipanala inamupulumuka n'kugunda mitu yonse iwiri nthawi imodzi. Moto unathetheka, sipanala inatentha, ndipo pamkono pake panatsala bala limene chipsera chake chilipo mpaka lero. Che Abdulkarim anamuthira madzi ozizira, akupukusa mutu.

"Zimenezi pa foni paja anakuuza?"

"Anandiuza, sabata yachiwiri. Kungoti pa foni sizinapweteke."

Mwezi wa Okutobala, kutentha kuli pachimake, kuloji kunabwera msonkhano wa anthu makumi asanu ndi atatu. Loweruka masana magetsi onse anazima. Kajenereta kamene kanalipo kankangokwanira holo ya msonkhano. Tionenji anamva fungo la pulasitiki yopsa kuchokera m'kachipinda ka mabatire. Anatsegula chitseko, anayang'ana osagwira kanthu, ndipo anachiona: pamene chingwe chachikulu chochokera ku mabatire chimalowera mu inveta panali patada bii. Nati yomangira chingwecho inali itamasuka, malowo n'kumatentha mpaka kupsa.

Anathamangira kwa manijala, Mayi Catherine, amene anali pa foni kuitana okonza a ku Lilongwe.

"Madamu, vuto ndaliona. Ndi pamutu pa chingwe. Ndikhoza kuzimitsa zonse, kudula popsapo, kuika mutu wina. Zida ndili nazo m'chikwama. Theka la ola silikwana."

Mayi Catherine anatseka foni ndi dzanja. "Tionenji, ndikudziwa kuti mumaphunzira. Koma muli ndi pepala lovomerezeka?"

"Ndili ndi asanu."

"Lovomerezeka kuno. Chinthu chija chikapsa chonse, kapena mukavulala, eni ake ndikawauza kuti ndinalola ndani? Musagwire. Chonde konzani nsalu za patebulo za chakudya chamadzulo."

Tionenji anakatenga simbi yamakala imene inali itaiwalika pamwamba pa kabati. Masana onsewo anasita nsalu za patebulo ndi tinsalu topukutira m'manja ta anthu makumi asanu ndi atatu, thukuta likuyenderera m'maso, khoma limodzi lokha likumulekanitsa ndi nati imene ankadziwa kuimanga. Kukhitchini nyama ndi nsomba zinayamba kusungunuka. Alendo ankadandaula za mafani. Iye ankangopemerera makala.

Okonza anafika Lamulungu chakumasana. Pakati pawo panali Martin, amene koleji inali itamutumiza kukaphunzira ntchito ku kampaniyo. Anadula popsa paja, anaika mutu wina, anamanga nati, magetsi n'kuyaka. Akupakira zida, wophika wina anauza Martin kuti achemwali ake ananena zomwezo dzulo masana.

Martin analowa mochapira, chipewa chili m'manja.

"Achemwali, akuti munaliona dzulo?"

"Ndinaliona."

"Ife tinayamba tayeza mapanelo onse. Ola lathunthu." Anayang'ana milu ya nsalu zosita, kenako chipsera cha pamkono paja. "Ndiye mupanga bwanji?"

"Pepala la chidindolo ndikulifuna, Martin, ndaona dzulo. Koma sindikalipempha chogwada, ndipo kuchiyambi sindibwererako."

Lachiwiri lotsatira anafika kwa a Benson ndi zinthu ziwiri. Choyamba chinali kalata yopita ku komiti ya koleji, yopempha kubwereza mayeso amanja okha. Chachiwiri chinali mndandanda wa nyumba ndi magolosale makumi awiri ndi atatu a ku Chipoka kumene anagwirako ntchito, pali mayina a eni ake ndi manambala a foni, pansi pake Che Abdulkarim atasaina m'zilembo za Chiarabu.

"Ndinakuuzani kuti njira yotere palibe," anatero a Benson.

"Njira yolemba mayeso oyamba aja inalipo? Munaipeza ndinu."

"Ndikakulolani inu, mawa kubwera anthu khumi ndi mapepala a pa foni."

"Abwere. Muwayese. Olephera alephere ngati mmene ndinalepherera ine, pamaso pa aliyense. Chimene ndikukana n'choti munthu abwezedwe pakhomo asanagwire n'komwe pulayasi."

A Benson anawerenga mndandanda uja mpaka pansi. Anatenga foni yawo n'kuimba nambala imodzi ya pakati, Tionenji ali pomwepo. Anayankha mayi wa golosale, ndipo atamva funso anati, "Mayi wokwera padenga uja? Mumuuze adzationenso, tikufuna kuwonjezera panelo." A Benson anadula foni, n'kuika kalata ija m'faelo.

"Komiti ikumana kumapeto kwa mwezi. Sindikulonjeza kanthu."

Komiti inakambirana kawiri, ndipo akuti mawu anakwera. Ena ankati koleji isanduka chigayo choti aliyense azingobwera ndi thumba lake. Ena ankati munthu wopeza 87 sangatumizidwe kukayamba ndi kuphunzira dzina la pulayasi. Pamapeto anamulola, ati kamodzi kokha.

Mu Disembala anaimanso pa bolodi lathabwa, pakati pa ophunzira atsopano a chaka choyamba, atavala ovolosi ya Martin yopinda m'miyendo. Paipi anaipinda pabondo, mmene amachitira a ku Chipoka, mnyamata wa pambali pake mpaka anasiya zake n'kumaonerera. Anamaliza patatsala mphindi makumi anayi. Anasesa tizidutswa ta waya pamalo pake, n'kuima manja kumbuyo. A Benson anadina switchi yoyamba, babu linayaka. Anadina yachiwiri, linazima. Anazimitsa magetsi, anatsegula soketi, n'kukoka waya uliwonse mwamphamvu ngati akufuna kuuzula. Palibe unasuntha.

Zotsatira zitatuluka anamuitana mu ofesi.

"Muyamba chaka chachiwiri mu Januwale. Koma mumvetse bwino, mayi. Tikuwerengera mayeso athu amene mwakhoza. Mapepala anu a pa intaneti aja sitikuwawerengera, ndipo m'mabuku athu salowa."

"Nanga mayeso anuwo ndinakhoza ndi nzeru zochokera kuti, aphunzitsi?"

A Benson anangomuuza kuti apite kwa kalaliki akatenge fomu.

Za ntchito anali atakonza kale. Mayi Catherine anavomera kuti azilowa masana akaweruka kukalasi, komanso Loweruka ndi Lamulungu tsiku lonse, ndipo anzake a mochapira anagawana zam'mawa popanda kukakamizidwa. Chisoni anasamukira kwa agogo ake ku Lifuwu kwa temu imodzi. Che Abdulkarim anadandaula kuti Lachiwiri lawo lapita, n'kugula foni yokhala ndi kamera kuti azimutumizira zithunzi za madenga, iye aziwerengera ali konko.

Fomu ya kwa kalaliki inali ndi kabokosi kakang'ono kolembapo maphunziro a m'mbuyo, ka mizere iwiri. Tionenji analemba Fomu 4 pamzere woyamba. Pamzere wachiwiri anayamba kulemba dzina la maphunziro ake oyamba a pa intaneti, ndi yunivesite yake, ndi mwezi umene anamaliza. Malo atatha anapitiriza m'mphepete mwa pepala, kenako analemba kamuvi n'kutembenuza, anayi otsalawo n'kuwalemba kumbuyo, ndi Chipoka yomwe.

Kalaliki, mtsikana wovala magalasi, anailandira n'kukwinya nkhope.

"Mayi, apa timalemba zovomerezeka zokha. Mwaiwononga fomuyi. Ndikupatsani ina."

"Ndipatseni," anatero Tionenji. "Koma ndilembanso zomwezi."

Mtsikanayo anayang'ana mulu wa mafomu atsopano, anayang'ana mzere wa anthu umene unafika mpaka pakhonde, kenako anayang'ana mayi amene anaima patsogolo pake osaphethira, cholembera chili chotsegula m'manja. Anapumira m'mwamba, anaboola fomu ija pakona, n'kuilowetsa m'faelo mmene inalili.

"Kalasi imayamba hafu seveni," anatero. "Mubwere ndi mabuti anu."